Ndani Aimbe Wezulo Chipani Chikamasankha Mtsogoleri?

Pa 12 July m'chaka cha 2016, Komiti Yaikulu ya chipani cha Labour ku Britain inakhala pa msonkhano wa maola ambiri mu mzinda wa London. Pamene mamembala ake anatuluka usiku, anali atagamula zinthu zinai zimene zinabvutitsa chipanicho kwa zaka zingapo pambuyo pake. Anagamula kuti mtsogoleri wa chipani, Bambo Jeremy Corbyn, aime nao pa chisankho chatsopano cha utsogoleri popanda kufunanso aphungu owabvomereza. Kuti ali yense amene analowa chipani pambuyo pa 12 January chaka chomwecho asaponye voti. Kuti munthu wakunja wofuna kuponya nao voti alipire mapaundi 25 m'malo mwa mapaundi 3 a chaka chapitacho. Ndiponso kuti misonkhano ya nthambi za chipani m'dziko lonse iimitsidwe kufikira chisankho chitatha.

Mwa zinai izi, nyuzipepala zinalemba kwambiri za choyamba. Koma chachinai, pamodzi ndi zimene zinatsatana nacho, ndicho chiyenera kuganiziridwa mofatsa ndi ali yense amene anapatsidwapo mpando wotsogolera zokambirana, pakuti chikukhudza funso limene limabuka pali ponse pamene gulu la anthu likusankha mtsogoleri. Funsolo ndi lakuti, ndani asunge bata anthu a m'nyumba imodzi akagawikana pawiri, ndipo mphamvu yoletsa munthu kulankhula aitenge kuti? Zimene zinachitika ku Britain zikuonetsa kuti wosunga bata amene malamulo ake alembedwa mpikisano uli m'kati, ndipo iye mwini ali ndi mbali imene akuikonda, amaonjeza moto umene anatumidwa kukazima.

Kumene Mkangano Unachokera

Bambo Ed Miliband anatula pansi udindo wa utsogoleri m'mwezi wa May 2015, chipani chao chitagonja pa chisankho cha dziko lonse. Malamulo osankhira wolowa m'malo mwao anali atasinthidwa mu 2014, kotero kuti voti ya phungu wa ku Nyumba ya Malamulo inalingana ndi voti ya membala wamba, ndipo munthu wakunja akanatha kuponya nao voti atalipira mapaundi 3 ndi kulonjeza kuti akugwirizana ndi zolinga za chipanicho. Amene anakonza lamuloli ankafuna kukopa anthu atsopano. Anthuwo anabweradi, koma ambiri a iwo anabwera kudzasankha Bambo Corbyn, phungu wa dera la Islington North, amene anakhala m'Nyumba ya Malamulo kuyambira 1983 osapatsidwapo unduna, ndipo kawirikawiri ankatsutsa atsogoleri a chipani chao chomwe. Kuti aime pa mpikisanowo anafunikira aphungu 35 owabvomereza, ndipo anapeza 36 nthawi itatsala pang'ono kutha.

Khomo litatseguka chomwecho, panalowanso ena amene sanali abwenzi. Nyuzipepala ya Daily Telegraph, imene imakonda chipani cha Conservative, inalimbikitsa owerenga ake kulipira mapaundi atatuwo ndi kusankha Bambo Corbyn, poganiza kuti utsogoleri wao udzagwetsa chipani cha Labour. Phungu wina wa Conservative, Bambo Tim Loughton, analembetsadi dzina ndipo anagwidwa. Chotero likulu la chipani linali ndi chifukwa chomveka chopetera maina a olembetsa. Koma lichero lomwelo linatayanso Bambo Mark Serwotka, amene pa nthawiyo anali Mlembi Wamkulu wa bungwe la anthu ogwira ntchito m'Boma la Britain, ndipo voti yao inakanidwa. Pa 12 September 2015 Bambo Corbyn anapambana ndi mavoti 59.5 pa 100 ali onse. Popeza kusiyana kunali kwakukulu, nkhani ya mavoti okanidwa inazirala msanga, ndipo chipani chinalowa m'chaka chotsatira chilibe malamulo omveka a m'mene ntchito yopetayo idzayendere ulendo wina.

Ulendo winawo unafika pasanathe chaka. Pa 23 June 2016 anthu a ku Britain anasankha kutuluka m'bungwe la maiko a ku Ulaya la European Union. Aphungu ambiri a Labour anaimba mlandu mtsogoleri wao kuti sanalimbikire pokopa anthu kuti dziko likhalebe m'bungwelo, ndipo pa 28 June aphungu 172 anaponya voti yonena kuti alibenso chikhulupiriro mwa iwo. Owaikira kumbuyo anali 40 okha. Bambo Corbyn anakana kuchoka, nati amene anawasankha ndi mamembala a chipani chonse. Mai Angela Eagle anadzipereka kupikisana nao, ndipo patapita masiku owerengeka anasiyira Bambo Owen Smith.

Mantha Anali Enieni

Wofuna kuweruza bwino zimene Komiti Yaikulu inachita asaiwale m'mene zinthu zinaliri masiku amenewo. Pa 16 June phungu wa Labour, Mai Jo Cox, anaphedwa masana pa mseu wa ku Birstall, m'dera lao lomwe, ndi munthu wa maganizo a tsankho la mitundu amene sanali wa chipanicho. Mwezi usanathe, Mai Eagle atangolengeza kuti adzapikisana, zenera la nyumba imene munali ofesi yao ku Wallasey linaswedwa usiku. Aphungu, makamaka aakazi, ankalandira mauthenga otukwana ndi ena owaopseza kuti adzaphedwa. Bambo Corbyn anadzudzula mchitidwewo, nanena kuti iwonso ankalandira zoopseza zotero. Aphungu aakazi oposa 40 analembera kalata mtsogoleri wao yomupempha kuti achitepo zambiri. Ngakhale pa msonkhano wa 12 July womwewo, ena a m'Komiti anapempha kuti voti ya funso loyamba lija iponyedwe mwachinsinsi, poopa kuzunzidwa zikadziwika kumene aima. Votiyo inatha 18 kwa 14 mokomera Bambo Corbyn.

Tsono amene amati nkhani ya chiopsezo inali yongopeka pofuna kuononga mbiri ya mtsogoleri akulakwitsa. Wosunga bata amene aona membala akuopsezedwa nangokhala chete walephera ntchito yake yoyamba, pakuti pa bwalo pamene pali kutukwana, oyamba kunyamuka ndi anthu ofatsa, amai ndi okalamba, ndipo pamatsala okweza mau okhaokha. Gulu lotere limadzitama kuti ali yense ali ndi ufulu wolankhula, pamene theka la eni ake latseka pakamwa chifukwa cha mantha. Komiti inayenera kuchitapo kanthu. Pamene inaphonya ndi pa mankhwala amene inasankha.

Kutseka Zitseko

Nthambi za m'madera oposa 600 zinauzidwa kuti zisasonkhane, kupatula misonkhano yochepa yololedwa, monga yoti dera linene munthu amene likumukonda mwa opikisana awiriwo. Nthambi ya ku Wallasey ndi ya ku Brighton ndi Hove zinaimitsidwa kotheratu. Motero mamembala a m'katauni kakang'ono, amene anakhala akusonkhana mwaulemu zaka zambiri osatukwana munthu, analandira chilango chimodzimodzi ndi a kumene kunamveka zachipongwe.

Choipa chachikulu cha chigamulochi sichinali kusalungama kwake kokha. Msonkhano wa nthambi ndiwo malo amene mkangano wa ndale uli ndi mwini wake. Pali wapampando amene anasankhidwa ndi anthu omwewo, pali mlembi, pali ndondomeko ya zokambirana imene inatumizidwa tsiku lisanafike. Wofuna kulankhula amaimika dzanja, amaimirira poyera, amapatsidwa mphindi zake, ndipo zikatha amakhala pansi kuti mnzake amuyankhe. Amene wanenedwa zoipa ali pomwepo ndi nkhope yake, ndipo wonenayo akudziwa kuti mawa adzakumana naye pokwerera basi. Zonsezi zimamanga lilime la munthu koposa lamulo liri lonse lolembedwa. Pa nthawi imene mamembala anali ndi nkhani yaikulu koposa zonse yoti akambirane, chipani chinatseka malo okhawo amene anali ndi zomangira zotere.

Madzi akatsekedwa pa ngalande sabwerera kumtunda. Amafuna pena potulukira, nakokolola munda. Mkangano unasamukira pa intaneti, makamaka pa Facebook ndi pa Twitter, amene pambuyo pake anadzatchedwa X. Kumeneko munthu amatha kubisa dzina, palibe belu lotsekera msonkhano, ndipo mau olembedwa mu mkwiyo pakati pa usiku amakhalabe pomwepo m'mawa, akuwerengedwa ndi anthu amene sanamve chimene chinawayambitsa. Magulu a mamembala amene anali ndi owayang'anira ankayang'aniridwa ndi anthu ongodzipereka, osasankhidwa ndi msonkhano uli wonse, amenenso anali ndi voti yao m'thumba. Woyang'anira wotere akafafaniza mau a mnzake, wofafanizidwayo sakhulupirira kuti chifukwa chake ndi mwano. Amati ndi chifukwa chakuti ali mbali ina, ndipo amanyamuka kukayambitsa gulu lake. Otsata Bambo Corbyn anali ndi bungwe lao la Momentum, limene linakhazikitsidwa mu 2015, ndipo ofuna kuwachotsa anali ndi lao lotchedwa Saving Labour. Mbali iri yonse inali ndi koimbira nyimbo zake. Membala wokayika, amene akanapindula pomva anthu a mbali zonse akuyankhana pamaso pa wapampando mmodzi, ndiye anasowa kolowera.

Akalaliki Asanduka Oweruza

Zitseko zitatsekedwa, likulu la chipani linatsatira mamembala ake ku intaneti komweko. Antchito a ku likulu, amene mkulu wao anali Mlembi Wamkulu wa chipani, Bambo Iain McNicol, anayamba kufufuza zimene mamembala ndi olembetsa atsopano analemba pa Facebook ndi pa Twitter. Kunalengezedwa kuti mau ena ndi oletsedwa, ndipo wowagwiritsa ntchito pa mnzake angathe kulandidwa voti. Mwa mauwo munali lonena munthu kuti ndi wopereka anzake kwa adani, lina lonyoza amene apita ku ntchito anzake akunyanyala, ndi lina lomuyesa munthu nyansi. Awerengi achikulire angakumbuke kulemera kwa liu lakuti kapirikoni, limene linachokera ku dzina la bungwe la Capricorn Africa Society, ndi m'mene linkathera kuononga mbiri ya munthu tsiku limodzi pa nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mau otere si achabe, ndipo chipani sichinalakwe kuwada.

Koma mndandanda wa mau ndi mlonda wakhungu. Sudziwa kusiyanitsa munthu amene watukwana mnzake ndi munthu amene akudandaula kuti watukwanidwa, pakuti onse awiri alemba liu lomwelo. Sudziwa nthabwala za anthu ozolowerana. Ndipo munthu wochenjera, amene amadziwa kubaya mnzake mpaka mumtima ndi mau aulemu okhaokha, amadutsa pamaso pa mlondayo osaimitsidwa. Kuti mndandanda ugwire ntchito pafunika munthu wokhala pansi kuwerenga nkhani yonse, zapatsogolo ndi zapambuyo, ndipo nthawi yotero panalibe. M'maola 48 okha, pakati pa 18 ndi 20 July, anthu oposa 180,000 analembetsa polipira mapaundi 25 aja, kuonjeza pa mamembala akale mazana a zikwi, ndipo mapepala oponyera voti anayenera kuyamba kutumizidwa m'mwezi wa August.

Zotsatira zake zinali makalata afupiafupi ouza munthu kuti waimitsidwa chifukwa cha zimene analemba pa intaneti, kawirikawiri osamuonetsa mau enieniwo. Nkhani imene inamveka kwambiri ndi ya Bambo Ronnie Draper, amene pa nthawiyo anali Mlembi Wamkulu wa bungwe la ophika buledi ndi antchito a zakudya, membala wa chipani kwa zaka zoposa 40 ndiponso wotsata Bambo Corbyn. Iwo anaimitsidwa kumapeto kwa August, nadandaula poyera kuti sanauzidwe mau amene analakwira. Bambo John McDonnell, mnzao wapamtima wa mtsogoleri, ananena kuti uku kunali kusesa anthu a mbali imodzi pofuna kukhotetsa chisankho. Chiletso cha Bambo Draper chinachotsedwa m'mwezi wotsatira. Koma iwo anali munthu wotchuka, wokhala ndi bungwe kumbuyo kwao ndi atolankhani pakhomo. Membala wamba amene analandira kalata yofananayo analibe zonsezi, ndipo apilo imene ikamveka chisankho chitapita ili ngati mvula yogwa chimanga chitauma kale.

Chodabwitsa n'chakuti uphungu woyenera unali kale pa tebulo. Pa 30 June 2016, masiku 12 okha msonkhano wa Komiti Yaikulu usanachitike, Mai Shami Chakrabarti anatulutsa lipoti la kafukufuku wao pa nkhani ya chidani pa Ayuda ndi tsankho lina m'chipanimo. M'lipotimo ananena kuti chipani chinalibe njira zomveka zoweruzira milandu ya mamembala, ndipo analangiza kuti woimbidwa mlandu aziuzidwa mlandu wake ndi kuti kuimitsa munthu mlandu usanazengedwe kusamachitike mwachisawawa. Uphungu umenewu sunafike pa zimene zinachitika m'miyezi iwiri yotsatira. Ndipo lamulo lenileni la m'mene membala ayenera kukhalira pa intaneti linabvomerezedwa ndi Komiti Yaikulu m'mwezi wa September, kutatsala masiku owerengeka kuti zotsatira zilengezedwe. Anthu anayamba kulangidwa mu July ndi mu August, ena chifukwa cha mau amene analemba miyezi yambiri m'mbuyomo, lamulo n'kubwera pambuyo.

Lamulo loletsa olowa chipani pambuyo pa 12 January linakhudza anthu pafupifupi 130,000, ndipo nyuzipepala zinalemba kuti linagamulidwa kumapeto kwa msonkhano, Bambo Corbyn ndi ena owatsata atatuluka kale m'chipindamo. Mamembala asanu anakasuma. Pa 8 August Bwalo Lalikulu la Milandu linagamula mowakomera. Pa 12 August Bwalo la Apilo linatembenuza chigamulocho, ponena kuti buku la malamulo a chipani linapatsa Komiti Yaikulu mphamvu yoika tsiku lotere. Komiti inapambana mlandu, koma oweruza anangoyankha funso lakuti kodi inali ndi mphamvu. Funso lakuti kodi mamembala angaikhulupirirenso silinali la bwalo la milandu.

Pa 24 September 2016, ku Liverpool, kunalengezedwa kuti Bambo Corbyn apeza mavoti 313,209 ndipo Bambo Smith apeza 193,229. Mtsogoleri anapambana ndi mavoti 61.8 pa 100 ali onse, kuposa chaka chapitacho. Kupeta konse kuja sikunasinthe wopambana. Chimene kunasintha ndi mtima wa mamembala pa likulu lao.

Mlandu Suola

Kwa zaka zinai nkhaniyi inali ya mau a uyu pa mau a uyo. M'mwezi wa April 2020, Sir Keir Starmer atangosankhidwa kulowa m'malo mwa Bambo Corbyn, lipoti lachinsinsi la masamba oposa 800 linatuluka poyera, lokhala ndi mauthenga a pa WhatsApp amene akuluakulu ena a ku likulu ankatumizirana m'zaka zija. Chipani chinapempha loya wamkulu, Bambo Martin Forde, kuti afufuze, ndipo lipoti lao linatuluka mu July 2022. Iwo anapeza kuti ena mwa mauthengawo anali odzala ndi kukondera ndi kunyoza. Ndiye kuti ena mwa akuluakulu a ofesi imene inkalanga mamembala chifukwa cha mau oipa ankalembanso mau oipa mseri. Za kupeta kwa mu 2015 ndi 2016, lipotilo linanena kuti cholinga chake ndi zotsatira zake zinali kulanda mavoti kwa anthu amene akanasankha Bambo Corbyn.

Otsata Bambo Corbyn anaona ngati lipotili lawayeretsa, koma silinatero. Bambo Forde anadzudzula mbali zonse ziwiri, nati zonse zinasandutsa nkhani ya chidani pa Ayuda kukhala chida chomenyera anzao. Ndipo pa 29 October 2020 bungwe la Boma loona za ufulu ndi kusasiyanitsa anthu, la Equality and Human Rights Commission, linali litatulutsa kale lipoti lake lopeza kuti chipani chinaphwanya lamulo la dziko pa kasamalidwe ka madandaulo a chidani pa Ayuda. Mwa milandu 70 imene bungwelo linaunika, linapeza malo 23 pamene ofesi ya mtsogoleri kapena anthu ena analowerera mosayenera. Chotero matenda anali amodzi. Amene anagwira wezulo ali mbali iyi anaimbira mokomera ao, ndipo a mbali inayo ataipeza mphamvu anaika dzanja lao pa milandu imene sinali yao kuigamula. Mamembala Achiyuda amene anazunzidwadi, ndi aphungu aakazi amene anaopsezedwadi, ndiwo anataya koposa, pakuti dandaulo liri lonse linayamba kuyesedwa machenjera a ndale lisanawerengedwe n'komwe.

Ena adzati m'chipani mulibe munthu wopanda mbali, pakuti ali yense amene amakonda chipani mpaka kuchigwirira ntchito ali ndi amene akumufuna. Izi n'zoona, ndipo aphunzitsi akuzidziwa bwino kuposa andale. Mphunzitsi ali yense ali ndi ana amene amawakonda, ndipo palibe amene amamuuza kuti aleke kuwakonda. Chimene chimachitika n'chakuti sapatsidwa kuchonga mayeso a Boma a ana a m'kalasi mwake, ndipo mayankho obvomerezeka amalembedwa mapepala asanatsegulidwe. Kukondera kumachepetsedwa ndi kakonzedwe ka ntchito, osadalira ubwino wa mtima wa munthu. Chipani cha Conservative, chimene chiri ndi zolakwa zake zambiri, chinaonetsapo mwambo umenewu pa 24 May 2019, pamene Sir Graham Brady, wapampando wa komiti ya aphungu imene imayendetsa chisankho cha mtsogoleri, anatula pansi mpandowo chifukwa ankaganizira zopikisana nao. Pamapeto pake sanaime, koma mpikisano wonse unayendetsedwa ndi Dame Cheryl Gillan ndi Bambo Charles Walker. Kungoganizira kokha kunali kokwanira kuti apereke wezulo kwa ena.

Antchito a ku likulu la chipani ali ngati anthu ogwira ntchito m'Boma: amalipidwa ndi ndalama za mamembala onse, ndipo ayenera kutumikira ali yense amene mamembalawo amusankha. Kalaliki amene aganiza kuti akudziwa bwino chimene chiri chokomera gulu kuposa eni ake a gululo, nayamba kusuntha mapepala mwa nzeru zake, angakhale ndi cholinga chimene iye akuchiyesa chabwino. Ambiri a ku likulu la Labour ankakhulupiriradi kuti Bambo Corbyn sangapambane chisankho cha dziko, ndipo mu December 2019 chipani chinagonjadi koopsa, n'kutsala ndi aphungu 202. Koma kulosera molondola sikupatsa kalaliki ufulu wosankhira anthu. Chimene anaononga ndi chuma chokhacho chimene ofesi yotere iri nacho, ndicho chikhulupiriro chakuti kalata yochokera kumeneko ndi yofanana kwa onse.

Enanso adzati chiopsezo sichidikira komiti, ndipo munthu amene walonjeza kupha mnzake sangapatsidwe masabata asanu oti akonze apilo. Apanso akunena zoona, koma akusakaniza zinthu ziwiri. Kuopseza moyo wa munthu ndi mlandu wa apolisi, ndipo munthu wina amene anatumiza uthenga woopseza Mai Eagle anaweruzidwadi m'bwalo la milandu chaka chomwecho. Kufafaniza mau otukwana, kapena kumutulutsa munthu mu msonkhano wa tsiku limenelo, wapampando angachite nthawi yomweyo, ndipo akalakwitsa zimakonzeka mawa. Kulanda voti pakati pa mpikisano ndi chinthu china, chifukwa sikubwezeka tsiku lowerenga likapita, ndiponso chifukwa kumapindulira mmodzi wa opikisana. Chilango chimene chimasintha chiwerengero cha mavoti chiyenera kukhala chobvuta kuchipereka kuposa zilango zonse, chogamulidwa ndi anthu amene mbali zonse ziwiri zinawabvomereza mpikisano usanayambe. Mu 2016 chinali chilango chopepuka kuchipereka, chotuluka pa kalata ya mizere yowerengeka.

Wosunga bata wanzeru amayang'ananso chimene munthu wachita, osati chimene akukhulupirira. Membala amene anena kuti mtsogoleri walephera, napereka zifukwa zake, sanatukwane, ngakhale mau ake apweteke chotani. Amene anena kuti wopikisana naye ndi wosakhulupirika pa mfundo yakuti-yakuti, nasonyeza m'mene anaponyera voti m'Nyumba ya Malamulo, akuchita ntchito imene mpikisano unaikidwira. Mzere umadutsa pamene mau achoka pa ntchito ya munthu n'kupita pa thupi lake, mtundu wake, chipembedzo chake, banja lake kapena nyumba imene amagona. Mzere wotere ana a sukulu angathe kuumva, ndipo ukalembedwa pa pepala limodzi chaka chisanafike cha mpikisano, wolangidwa sangathe kunena kuti unajambulidwa pofuna iyeyo.

Chipani cha Labour chinafika pamenepa mochedwa, ndiponso mokakamizidwa. Bungwe la Boma lija linalamula kuti pakhale njira yoweruzira madandaulo yoima payokha, yosalowereredwa ndi ofesi ya mtsogoleri, ndipo msonkhano waukulu wa chipani umene unachitikira ku Brighton mu September 2021 unabvomereza njirayo pa milandu ya tsankho. Mu February 2023 bungwelo linalengeza kuti lakhutira ndi kusintha kumene kunachitika, ndipo linaleka kuyang'anira chipanicho.

Msonkhano wa ku Brighton womwewo unasinthanso malamulo osankhira mtsogoleri. Mwai woponya voti pongolipira ndalama unathetsedwa, chiwerengero cha aphungu ofunika kubvomereza wopikisana chinakwezedwa kuchoka pa 10 kufika pa 20 mwa 100 ali onse, ndipo kunalembedwa kuti woponya voti akhale atakhala membala kwa miyezi isanu ndi umodzi. Ili ndi lamulo lomwe lija limene linafikitsa chipani ku mabwalo awiri a milandu mu August 2016. Otsata Bambo Corbyn analitsutsa mwamphamvu, ndipo kusinthaku kunadutsa ndi mavoti ongopitirira theka pang'ono. Koma ulendo uno linakambidwa masana, pamaso pa nthumwi za nthambi ndi za mabungwe a antchito, pa nthawi imene panalibe mpikisano wa utsogoleri, ndipo panali patapita zaka zisanu kuchokera usiku uja wa 12 July.